N'chifukwa chiyani katundu wa ku Musina amatchipa kuposa wopangidwa ku Workington?

Bulangete lopangidwa ku South Africa limakwera thiraki ku Musina, tauni ya pafupi ndi malire, n'kuima pa mzere pa Beitbridge, n'kuyenda makilomita pafupifupi 580 kudzafika mu Harare. Pamtengo wake pali dizilo, pali malipiro a dalaivala, mwina palinso msonkho wa pachipata. Koma likayalidwa pa benchi la wogulitsa kumunsi kwa tauni, kawirikawiri limakhala lotsika mtengo kuposa lopangidwa konkuno, m'mafakitale monga a ku Workington. Sopo, nsapato, mafuta odzola, ngakhale misomali, nkhani yake ndi yomweyi. Ena anena kuti ndi chifukwa cha ozembetsa katundu, ndipo sakunama, ozembetsa ndi ambiri. Komabe ngakhale katundu amene wadutsa pachipata dzuwa likuswa mtengo, mapepala onse ali m'manja, amapikisana ndi wathu n'kumugwetsa.

Funso limeneli ndi limene labisala pansi pa mayina aakulu amene timamva pa wailesi, monga Vision 2030 ndi ndondomeko ya NDS1 ya 2021 mpaka 2025 ndi inzake yoilowa m'malo. Nduna zikamati dziko lipindule kwambiri ndi ntchito yake, lizithanso kupikisana ndi mayiko ena, zikunena zinthu ziwiri zogwirana manja. China n'chakuti munthu mmodzi, pa tsiku limodzi, atulutse zambiri kuposa zimene ankatulutsa chaka chatha, thukuta lili lomwelo. Chinacho n'chakuti chimene wapangacho chikafika pa msika, kaya pa Mbare kaya ku Lusaka, wogula achitole yekha chifukwa cha mtengo ndi kulimba kwake, osati chifukwa choti boma latseka khomo la katundu wakunja.

Ine sindivomera wina akamati vuto lathu ndi ulesi. Kafikeni ku Siyaso m'mamawa mukaone anthu akudula zitsulo, akukhoma mawilibala ndi mafelemu a mawindo, kapena ku Glen View Area 8 kumene sofa amabadwa pansi pa pulasitiki. Anthu amenewa akugwira ntchito mpaka msana kuwawa. Chimene chikutayika ndi maola: ola lodikira magetsi, ola la pa mzere wa chilolezo, ola losaka wosintha ndalama, tsiku lonse lodikira thiraki yomwe yakanirira pa malire. Zimenezi sizichokera m'manja mwa wantchito. Zimachokera m'malamulo ndi m'kayendetsedwe ka chuma, ndiye n'chifukwa chake anthu amati mankhwala ake ndi kukonza ndondomeko za boma.

Ife olankhula Chichewa kuno tili ndi chifukwa chathuchathu chotcherera khutu. Mafamu a fodya a ku Mashonaland ndi migodi ya ku Shamva, Mazowe, Kadoma ndi Hwange zinkapikisana bwino pa msika wa dziko lapansi m'nthawi ya atsamunda, ndipo chimodzi mwa zinsinsi zake chinali agogo athu. Anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena pa malole a Ulere, ena wapansi kudzera ku Tete, kudzalandira malipiro amene eni dziko ambiri ankawakana. Imeneyonso ndi njira yotsitsira mtengo wa katundu, ndipo ife tikudziwa kumene inathera: machona okalamba m'makomboni, opanda penshoni yooneka, opanda ndalama yobwerera kumudzi. Tsono wina akamati Zimbabwe ipikisane pofinya malipiro, tizimuuza kuti njira imeneyo mabanja athu anaiyenda kale.

Mafakitale a ku Workington, Southerton, Willowvale ndi Graniteside anakula kwambiri pambuyo pa 1965, pamene boma la Ian Smith linatsekeredwa malonda ndi mayiko ena ndipo dziko linakakamizika kudzipangira pafupifupi chilichonse. Pofika 1980, mafakitale ankapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma chonse, chinthu chimene mayiko ochepa a mu Africa muno anali nacho. Koma anakulira kuseri kwa mpanda. Ndalama zakunja zinkagawidwa ndi boma, makina anakalamba osasinthidwa, ndipo popeza wogula analibe kwina kopita, panalibe chokakamiza mwini fakitale kutsitsa mtengo.

Mpandawo unagwetsedwa ndi ndondomeko yokonzanso chuma ya ESAP kuyambira 1991, ndi uphungu wa IMF ndi World Bank. Maganizo ake sanali opusa: fakitale ikakumana ndi mpikisano imadzuka. Koma zipata zinatsegulidwa makina akadali akale, chiwongoladzanja chikukwera, ndipo mu 1992 kunagwa chilala choopsa. Makampani a nsalu ndi zovala ndiwo anayamba kugwa. Cone Textiles ya ku Chitungwiza inatseka m'kati mwa zaka za m'ma 1990, anthu masauzande n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Akuluakulu a m'Mufakose ndi Mabvuku mpaka lero akamva zoti boma likukonzanso chuma amayamba akwinya nkhope, ndipo ali ndi chifukwa. Chimene ESAP inatiphunzitsa n'chakuti pokonza chuma pali choyamba ndi chotsatira. Ukayamba ndi kutsegula malire usanatsitse mtengo wopangira katundu, wapha wodwala amene umafuna kumuchiza.

Choyamba ndi ndalama

Amene anali wamkulu kale pa 14 Novembala 1997 akukumbukira tsiku limene dola ya Zimbabwe inagwa mphamvu moopsa m'maola ochepa, boma litalonjeza omenyera ufulu Z$50,000 aliyense popanda ndalamazo kukhala mu bajeti. Mu 2007 masitolo analamulidwa kudula mitengo pakati, ndipo patangopita masiku mashelefu anali mbee. Boma lenilenilo linalengeza kuti mu Julayi 2008 mitengo inkakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka, ndipo kumayambiriro kwa 2009 tinagwira pepala lolembedwa 100 thililiyoni. Dola ya America itavomerezedwa mu 2009, katundu anabwerera m'masitolo. Kenako mu Novembala 2016 kunabwera ma bond note, otiuza kuti ndi ofanana mphamvu ndi dola ya America. Mu Febuluwale 2019 ndalama zimene anthu anasunga kubanki ngati madola a America zinasanduka ndalama ya kuno yotchedwa RTGS. Mu Juni chaka chomwecho ndalama zakunja zinaletsedwa pogula zinthu, mu 2020 zinaloledwanso. Mu Epulo 2024 Reserve Bank inatulutsa ndalama yatsopano ya ZiG pa mtengo wa 13.56 pa dola imodzi, ndipo pofika kumapeto kwa Sepitembala inali itatsitsidwa kufika cha m'ma 24.

Ndaondanda zakazi dala, chifukwa munthu amene wadutsa zonsezi amaphunzira khalidwe. Makina opangira nsapato amabweza ndalama yake patapita zaka zisanu kapena khumi. Ndani angawagule asakudziwa kuti chaka chamawa adzalipidwa ndalama yamtundu wanji? Kuli bwino kugula mabelo a zovala Lolemba, Lachisanu wagulitsa, madola ali m'thumba. Anthu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Munthu payekha akuganiza bwino ndithu. Koma dziko lonse likaganiza choncho limadzaza ndi ogula ndi ogulitsa, opanga n'kumachepa.

Pali bala lina losaoneka msanga. M'mayiko ena ndalama zomangira mafakitale zimachokera ku mapenshoni ndi inshuwalansi, chifukwa ndi ndalama zimene zimakhala zaka makumi osakhudzidwa. Kuno zinasesedwa kawiri, mu 2009 ndi mu 2019. Bambo amene anadulidwa malipiro zaka makumi atatu n'kukalandira ndalama yosakwana thumba la ufa, mwana wake simungamuuze za kusunga kubanki. Tsono mabanki ali ndi ndalama za lero ndi mawa zokha, ndipo ngongole imene amapereka ndi ya miyezi, osati ya zaka. Mu 2022 chiwongoladzanja cha Reserve Bank chinafika 200 peresenti pofuna kuletsa anthu kubwereka ndalama ya kuno kuti akagule madola. Mwina chinathandiza pa zimenezo, koma palibe munthu angagule makina ndi ngongole yotere.

Ambiri aife timati ingosiyani dola ya America, ndiyo yokhazikika. Ndi zoona kuti inaziziritsa moto. Koma nayonso ili ndi mtengo wake, ndipo apa ndi pamene bulangete la ku Musina limatipambanira. Randi ikagwa mphamvu, katundu yense wa ku South Africa amatchipa kwa munthu wogwira madola, pamene malipiro, renti ndi magetsi a fakitale ya ku Harare zili pomwepo. Dziko lokhala ndi ndalama yake limatha kuitsitsa pang'ono kuti katundu wake atchipe kunja. Ife ogwiritsa ntchito ndalama ya eni sitingathe. Choncho boma likamati tikufuna ndalama yathu, mfundo yake ndi yomveka. Vuto ndi lakuti ndalama ya dziko imaima pa chikhulupiriro, ndipo chikhulupiriro sichilembedwa mu gazeti. Chimabwera boma likasiya kusindikiza ndalama zolipirira misewu ndi ulimi, likamagwiritsa ntchito zimene latolera, ndiponso likamalandira lokha ndalama yakeyo pa pasipoti ndi pa mafuta a galimoto. ZiG yakhala yodekha ndithu chichokereni kugwa kwa 2024, ndipo zimenezo n'zoyamika, koma miyezi ingapo ya bata siifafaniza zaka makumi awiri.

Ogulitsa katundu kunja ali ndi dandaulo lawo. Lamulo limawauza kupereka gawo la madola awo ku Reserve Bank n'kulandira ndalama ya kuno pa mtengo wa boma, ndipo kuyambira Febuluwale 2025 gawolo ndi 30 peresenti. Mtengo wa boma ukatalikirana ndi wa mumsewu, umenewo ndi msonkho wobisika, ndipo ukugwera munthu yemweyo amene tikumupempha kuti akatipikisanire kunja. Masitolo akuluakulu nawonso anapsa ndi moto womwewo: ankakakamizidwa kuwerengera mitengo pa mtengo wa boma, pamene matakishopu a kumunsi kwa tauni ankangolandira madola basi. Ogula anathawira kumatakishopu, masitolo ena anatseka nthambi, ndipo mu 2025 boma linachotsa lamulolo. Linachita bwino, kungoti ntchito zina zinali zitatha kale.

Magetsi, njanji ndi zipata

Wowotcherera zitsulo amene magetsi amamufikira 10 koloko usiku n'kuchoka mbandakucha amagwira ntchito usiku ngati mleme, kapena amagula jenereta n'kuika mtengo wa dizilo pa geti limene akukupangirani. Fakitale yaikulu ndiye imalira kwambiri, chifukwa ng'anjo kapena makina osungunula pulasitiki akazima pakati pa ntchito, zonse zili m'katimo zawonongeka. Mbali ya Zimbabwe ya Kariba ingathe kupereka mamegawati 1,050, koma madzi akakhalapo. Kumapeto kwa 2022 bungwe la Zambezi River Authority linanena kuti madzi a chaka chimenecho atha, ndipo chilala cha 2024 chinabwerezanso. Magawo 7 ndi 8 a ku Hwange anawonjezera mamegawati 600 mu 2023, n'kupepuza zinthu, koma magawo akale a m'ma 1980 amangofa n'kudzuka.

Pano pali choonadi chowawa chimene andale sakonda kunena. Magetsi akagulitsidwa pa mtengo wotsika kuposa wowapangira, kampani ya magetsi ya ZESA siikhala ndi ndalama yokonzera mathiransifoma kapena yolipira magetsi ogula ku Mozambique ndi South Africa, ndipo palibe wamalonda angamange malo opangira magetsi kuti azigulitsa moluza. Magetsi otchipa amene kulibe ndi odula kuposa okwera mtengo amene alipo, chifukwa m'malo mwake timayatsa dizilo. Koma kukweza mtengo kokha, ndalamazo zikumathera m'ngongole zosatoleredwa ndi m'mawaya obedwa, n'kulanga olipira mokhulupirika. Migodi ikuluikulu yayamba kudziikira sola yawoyawo. Wa ku Siyaso alibe mphamvu imeneyo.

Za njanji sizifuna mawu ambiri. National Railways of Zimbabwe inkanyamula matani pafupifupi 18 miliyoni pa chaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, lero siifika ngakhale 3 miliyoni. Malasha, simenti, feteleza ndi chimanga zonse zakwera mathiraki, amene ndi odula ndipo amakumba misewu yomwe tangoikonza. Dziko lopanda nyanja ngati lathu, katundu wake wolemera akamapita ku Beira kapena ku Durban pa matayala, waluza mpikisano asanafike n'komwe padoko. Msewu wa Harare kupita ku Beitbridge wakonzedwa, chipata cha Beitbridge chamangidwanso, ndipo pa Chirundu pakhala poonetsera mapepala kamodzi kokha kuyambira 2009. Amayi athu amene amadutsa pa Nyamapanda kupita ku Blantyre ndi Lilongwe adziwenso kuti pali dongosolo la COMESA lopeputsa mapepala kwa amalonda ang'onoang'ono a katundu wosapitirira madola 2,000, pa mitundu ya katundu imene mayiko anagwirizana. Ambiri amalipirabe anyamata owadutsitsa m'tchire pa katundu amene akanadutsa naye pakhomo.

Mtolo wa zilolezo

Munthu akafuna kuchita bizinesi yolembetsedwa amakumana ndi khonsolo, azaumoyo, ozimitsa moto, a EMA oona zachilengedwe, a NSSA oona za penshoni, a ZIMDEF amene amatenga 1 peresenti ya malipiro onse a antchito yophunzitsira anthu luso, ndi a ZIMRA otolera msonkho. Aliyense payekha ali ndi chifukwa chomveka. Ukawaphatikiza, ndi mtolo. Maofesi ambiri a boma anazolowera kudzidyetsa ndi ndalama za zilolezo, ndiye chilolezo chinasiya kukhala choteteza anthu, chinasanduka munda.

Msonkho wa 2 peresenti pa ndalama zotumizidwa pa foni ndi kubanki, umene Mthuli Ncube anaubweretsa monga nduna ya zachuma mu Okutobala 2018, ndi chitsanzo chabwino cha mmene chinthu chimodzi chimathandizira uku chikuwononga uko. Unathandiza boma kutseka dzenje la mu bajeti, ndipo unafikira ngakhale amene salipira msonkho wina uliwonse. Koma umadulidwa pa sitepe iliyonse. Mlimi wa soya akagula feteleza wadulidwa, wofinya mafuta akagula soya wadulidwa, wa holoselo wadulidwa, wa sitolo wadulidwa, inu pogula mwadulidwanso. Botolo lopangidwa kuno lalipira kasanu, lochokera kunja lalipira kawiri kapena katatu. Ndipo aliyense amene angathe amathawira ku ndalama ya m'manja, imene siidutsa kubanki, imenenso banki singaibwereketse kwa wina.

Boma likudziwa zimenezi. Linakhazikitsa National Competitiveness Commission mu 2017 kuti izifufuza zimene zikukweza mtengo wopangira katundu, ndi ZIDA mu 2020 kuti wobweretsa mpamba asamazungulire maofesi khumi. Lamulo loti 51 peresenti ya umwini wa makampani akunja ikhale ya eni dziko, lomwe linkaopseza amalonda akunja, linafewetsedwa kuyambira 2018. Mu 2025 nduna zinayamba kudula ndi kuphatikiza zilolezo gawo ndi gawo, kuyambira ku ziweto ndi mkaka. Njira ndi imeneyo. Choti tione n'chakuti kodi zolengezedwa ku likulu zikufika pa kauntala ya khonsolo, kapena wa pakauntalayo akuti sitinalandire kalata.

Chinanso chimene amalonda amaopa kuposa msonkho weniweniwo ndi lamulo lotuluka Lachisanu madzulo n'kuyamba kugwira ntchito Lolemba. Msonkho wokwera umawerengeredwa m'mtengo. Lamulo losadziwika tsiku lobwera silingawerengeredwe, ndiye wamalonda amangoonjezera kena kake pa chilichonse kuti adziteteze, ndipo wolipira ndi inu ndi ine.

Kumene anthu athu ali

Kalembera wa mabizinesi amene bungwe la boma la ziwerengero la ZIMSTAT linachita anapeza kuti mabizinesi oposa atatu mwa anayi alionse ndi osalembetsedwa. Kumeneko ndiye kuli ana a ku Mbare, Epworth, Dzivarasekwa ndi Tafara. Ndondomeko iliyonse imene imangoyang'ana makampani a m'bungwe la eni mafakitale la CZI, amenenso akugwiritsa ntchito mphamvu ya makina awo pang'ono kupitirira theka, yasiya kunja anthu ochuluka.

Tiyeni timuone kalipentala wa ku Glen View. Luso ali nalo, mipando yake imafika mpaka m'masitolo a m'tauni. Koma amagula matabwa a oda imodzi imodzi pa mtengo wa wogula mmodzi, chifukwa alibe posungira. Matabwawo sanaume bwino, ndiye tebulo limapindika pakapita miyezi. Mvula ikagwa ntchito yaima. Malowo apsa ndi moto kangapo, monganso msika wa Mbare unapsa mu Okutobala 2024, ndipo inshuwalansi palibe. Mungamufunse chifukwa chake sagula makina aakulu opala matabwa. Yankho lake ndi 2005. Murambatsvina, ntchito ya boma yophwasula nyumba ndi misika imene linkati ndi yosaloledwa, inagwetsa Siyaso ndi malo ena ambiri otere, ndipo aliyense anaphunzira kuti chuma chako chizikhala choti unganyamule n'kuthawa nacho. Munthu sakhomerera makina pansi pa malo amene angathamangitsidwe mawa.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti dziko lingapindule msanga ndi ndalama yochepa. Shedi ya malata yokhala ndi simenti pansi, magetsi okwanira makina, madzi ozimitsira moto, pepala la lendi la zaka khumi limene khonsolo singalisinthe chisankho chikayandikira, makina aakulu amodzi obwerekana pa ola, ndi msonkho umodzi wodziwika wolipira pa foni. Kalipentala yemweyo, manja omwewo, angatulutse mipando yochuluka ndi yolimba kuposa lero. Boma limakonda kunena kuti anthuwa alembetse. Munthu amalembetsa akaona chimene apeze. Ngati kulembetsa kukungomuonetsa kwa otolera msonkho ndi kwa anyamata otolera ndalama za malo m'dzina la chipani, abisalabe.

Kwa ife palinso nkhani ya zitupa, imene akatswiri a zachuma saiwerengera. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ali alendo m'dziko limene anabadwiramo, pa nthawi yomweyo imene mafamu ankalandidwa ndipo makolo awo ankataya ntchito ndi pogona. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, n'kuikanso Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma alipobe mabanja amene agogo analibe pepala, mayi alibe, mdzukulu alibe. Wopanda chitupa satsegula akaunti, salembetsa kampani, savomerezedwa ngongole, ndipo mwana wake amavutika kulemba mayeso. Mnyamata wanzeru amene akanakhala injiniya amathera pa ngolo yokankha. Dziko likamawerenga zimene likutaya, liwerengenso ameneyo.

Fodya, lithium ndi mpanda watsopano

Fodya wadzuka modabwitsa. Mu 2023 alimi anagulitsa makilogalamu 296 miliyoni, ambiri mwa iwo alimi ang'onoang'ono. Koma pafupifupi yense amalimidwa pa kontirakiti, kampani ikupereka mbewu ndi feteleza n'kudzadula pogulitsa, chifukwa mabanki akhala akukana makalata a malo ndi malendi a zaka 99 ngati chikole. Mlimi amene sangabwereke pa dzina la munda wake sakumba damu, sagula mapaipi. Tirigu waonetsa zimene ulimi wothirira ungachite: mu 2022 dziko linakolola matani pafupifupi 375,000, okwana kudzidyetsa. Kumapeto kwa 2024 boma linalengeza zopereka mapepala a umwini wa minda, ndipo woweruza weniweni wa mapepalawo adzakhala wa ngongole kubanki. Fodya yemweyo amachoka m'dziko ali masamba, phindu lalikulu n'kukapangidwira kwina.

Maganizo oti tizikonza tokha chuma chathu tisanagulitse ndi amene anachititsa boma kuletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonza mu Disembala 2022. Makampani a ku China amanga makina ku Arcadia ku Goromonzi ndi ku Bikita, ndipo ku Manhize kufupi ndi Mvuma chitsulo chinayamba kutuluka mu 2024, patatha zaka zambiri ZISCO ya ku Redcliff itazima mu 2008. Koma kusungunula miyala kumadya magetsi koopsa, ndipo chitsulo chimafuna njanji. Lamulo loletsa lingakakamize munthu kumanga fakitale, silingaipatse moto.

Nanga kutseka malire kuti titeteze mafakitale athu? Tinayesa ndi lamulo la SI 64 la 2016, loletsa kulowetsa katundu wina popanda chilolezo. Opanga katundu wotetezedwayo anapuma, ena anawonjezera makina. Koma amayi ogula katundu ku Musina anaona kuti awalanda chakudya pakamwa, ndipo ku Beitbridge kunabuka zipolowe mpaka nyumba yosungira katundu ya ZIMRA inatenthedwa. Chitetezo chotere chimagwira ntchito chikakhala ndi tsiku lothera, ndiponso fakitale ikauzidwa zoti ikwaniritse m'nthawiyo. Chikapanda malire timabwerera ku mpanda wa Smith, wogula akulipira zambiri kuti mwini fakitale agone tulo. Ndipo poti Zimbabwe inalowa nawo mgwirizano wa msika umodzi wa Africa yense, mipanda yotere ikhala ikugwa, tifune tisafune.

Pamwamba pa zonsezi pali ngongole. Boma lili ndi ngongole ya madola a America oposa 20 biliyoni, ndipo mbali yaikulu ya ngongole yakunja ndi yobweza mochedwa ndi zilango zake. Ya IMF inalipidwa mu 2016, koma ya World Bank ndi African Development Bank ikadalipo, ndiye makomo a ngongole zotchipa za zaka zambiri, zimene anzathu amamangira madamu ndi njanji, ndi otseka. Kampani ya kuno ikakabwereka kunja imalipiritsidwanso zambiri chifukwa cha dzina la dziko. Zokambirana za ngongoleyi zinayamba mu Disembala 2022 motsogozedwa ndi Akinwumi Adesina, amene panthawiyo anali mkulu wa African Development Bank, ndi Joaquim Chissano, pulezidenti wakale wa Mozambique, ndipo zili ndi miyendo itatu: kayendetsedwe ka chuma, ulamuliro wabwino, ndi nkhani ya malo kuphatikizapo madola 3.5 biliyoni amene boma linalonjeza mu Julayi 2020 kulipira eni mafamu akale pa zimene anamanga. M'makombi anthu amakangana, wina akuti ndi zilango za Amereka monga ZIDERA ya 2001, wina akuti ndi katangale wathu. Zilango zilipo ndipo zimaopseza mabanki akunja. Koma sizinasindikize ndalama mu 2008, ndipo sizipempha chiphuphu pa rodibuloko.

Pakadali pano chimene chikutigwira ndi golide, amene wambiri amachokera kwa okumba ang'onoang'ono, ndi abale athu a ku South Africa, ku Britain ndi kumayiko ena amene anatumiza madola oposa 2 biliyoni mu 2024. Ndalama imeneyo ikulipira fizi ndi kumanga nyumba, koma anamwino, aphunzitsi ndi amisiri amene akuitumizawo ndi anthu amene dziko linawaphunzitsa kuti adzagwire ntchito kuno.

Nkhani yoti tiiyang'anitsitse ndi ya tsiku limene madola a America adzasiye kugwira ntchito kuno. Poyamba lamulo linkati madola a America asiya kugwira ntchito mu 2025, ndipo tsikulo litayandikira mabanki anayamba kukana kubwereketsa ndalama yodutsa chaka chimenecho, poopa kubwezeredwa ndalama ina. Mu Okutobala 2023 boma linasuntha tsikulo kufika kumapeto kwa 2030. Tsiku lotere likakhala m'lamulo, chaka chilichonse chikadutsa ngongole imene banki ingayerekeze kupereka imafupika ndi chaka chimodzi, pokhapokha boma litafotokoza momveka, molembedwa, chimene chidzachitikire madola a m'maakaunti ndi ngongole zotengedwa m'madola tsikulo likadzafika. Mwini fakitale ya ku Workington amene akuganiza zogula makina obweza ndalama m'zaka khumi akudikira yankho limenelo asanasaine.